Ulendo wa masiku anayi, ndalama yochepa: muthire pati, muumire pati?

Funso lachokera kwa aphunzitsi ena a ku Luchenza: "Ine ndi mayi akunyumba takwanitsa zaka 10 tili pabanja, koma chikwatiranireni sitinayendepo ulendo wongokasangalala, maulendo athu ndi a maliro ndi zinkhoswe basi. Tasunga K800,000 ku banki m'khonde ndipo tikufuna masiku anayi pa holide ya Ogasiti. Madamu akufuna tikagone ku loji ya m'minda ya tiyi masiku onsewo, ine ndikufuna tikwere phiri la Mulanje mpaka pa Sapitwa, pomwe alamu anga akuti tichite hayala galimoto kuti tisakanyozeke. Ndalamayi siyingakwanire zonsezi. Tithire pati yambiri, tiumire pati?"

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke m'thumba, ambiri amabwera kudzafunsa atatumiza kale dipoziti penapake. Ine ntchito yanga ndi yokonzera anthu maulendo okwera phiri kuno ku Mulanje, ndinayamba ndikunyamula zikwama za alendo ku Likhubula, poyambira kukwera phirili, ndili mnyamata, nde zomwe ndikuuzenizi ndi zomwe ndimamva anthu akamatsika, pomwe akuyamikira ndi pomwe akudandaula kuti ndalama yawo inangopita.

Ine ndimayeza chonchi. Chilichonse chomwe mukufuna kugula chotchipa, dzifunseni kuti chikakanika ntchito ndingachikonze pompo, kapena ulendo wonse wathera pomwepo? Minibasi ikafa pa Chonde mumatsika n'kukwera ina. Chipinda chikakhala chosasangalatsa pa Chitakale mumapirira usiku umodzi olo kusamukira pena. Koma nsapato ikamatuka muli pamwamba pa phiri pakati pa Chambe ndi Chisepo, kapena chifunga chikatseka muli ndi munthu wosadziwa njira, kumeneko kulibe golosale, kulibe kabaza, netiweki nayo ndi ya apo ndi apo. Ndalama yanu yoyamba ipite ku zimenezo. Yotsalayo muyiike pa chinthu chimodzi chokha chodzipepesera, ndipo chimenecho asankhe ndi mayi, osati inu.

Tiyambe ndi ya alamu anuyo poti ndi yosavuta. Galimoto ya hayala ichoke pa bajeti lero lomwe. Kuchokera ku Luchenza kufika pa Chitakale ndi pafupi, maminibasi ndi masiyenta amadutsa tsiku lonse pa msewu wa M2, ndipo kuchoka pa Chitakale kulowera njira ya ku Phalombe mpaka pa Likhubula ndi makilomita pafupifupi 10 basi. Mukafika pamenepo galimoto ija muyisiya pansi, phiri silikweredwa ndi matayala, nde izingokhala masiku awiri atatu inu mukulipira patsiku, kuwonjezera mafuta, kuwonjezera kena kake ka mlonda woyiyang'anira, zili ngati kulemba waganyu n'kumukhazika pakhonde. Za kunyozekazo, ku Likhubula alendo olemera kwambiri amafika pa kabaza chikwama chili kumsana ndipo palibe amawayang'ana kawiri. Pa transipoti malo amodzi okha ndi omwe ndingakuuzeni kuti musaumire, tsiku lotsika. Miyendo imakhala ikunjenjemera, zovala zanunkha utsi wa nkhuni, mayi atopa, tsiku limenelo gwirizanani ndi wa takisi mmodzi adzakutengeni pa Likhubula n'kukakutulani pakhomo penipeni pa loji, chifukwa maloji a m'maesiteti amakhala mkati, kutali ndi tala, ndipo kuyenda mtunda umenewo ndi zikwama mutatsika phiri ndi pomwe mabanja amayambanirana.

Tsopano nkhani yaikulu, gaidi. Apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ife a Malawi, makamaka ife oyandikana nalo phirili, ndi amene timavuta. Munthu amati ine phirili ndimaliona tsiku lililonse ndikamapita kuntchito, ndilipire munthu wondionetsa njira ngati ndine mzungu? Kuliona muli ku Luchenza ndi kuyendamo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pamwambapo si nsonga imodzi ayi, ndi dziko lonse, zigwa, mitsinje, madambo, nsonga zambirimbiri, ndipo tinjira ta anthu otola nkhuni ndi ocheka matabwa tadutsanadutsana ndi njira za alendo moti olo kuli dzuwa mutha kukhota polakwika osazindikira. Kuwonjezera apo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula malo ambiri m'mbali mwa phirili, zipsera zake mumaziona muli pamsewu, nde munthu amene anakwerako kalekale ali ku sekondale si woti mumudalire lero.

Koma chomwe mukulipira kwenikweni kwa gaidi ndi nyengo. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, mphepo yozizira ya mvula yowaza yochokera mbali ya ku Mozambique, inu a ku Luchenza mukuidziwa mmene imachitira pansi pano, nde ganizirani pamwamba. Kumacha bwinobwino kuli ngwee, pofika 11 koloko mtambo wakwera kuchokera kumunsi, mphindi zochepa simukuonanso mnzanu amene ali patsogolo panu, thanthwe lomwe munaponda louma lija layamba kuterera. Gaidi wodziwa ntchito mumamuona akuima pa mwala osalankhula, akuyang'ana kum'mwera chakum'mawa komwe mitambo ikuunjikana, kenako amagwira thanthwe ndi chikhato kuti amve ngati layamba chinyezi, akatembenuka amangoti "bwana, lero tibwerere". Mawu amenewo ndi omwe mwagula. Mnyamata wotolatola pa siteji amene mwamunenerera mpaka theka la mtengo sanganene zimenezo, iye akuopa kuti mukapanda kufika pansonga simumupatsa ndalama yake, nde amakukokerani m'chifunga momwemo. Pa Sapitwa, pomwe ndi mamita 3,002 ndipo ndi pamwamba kuposa paliponse m'Malawi muno, mu 2003 panasowa mtsikana wa ku Netherlands amene anakwera yekha ndipo sanapezekenso, mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anapitirira yekha opanda gaidi, nyengo inasintha ndipo anapezeka atamwalira patapita masabata. Onsewa anali achinyamata amphamvu zawo.

Nde chitani izi. Pitani ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula, lembetsani maina m'buku, lipirani yolowera ndi ya mahati (nyumba zogonamo pamwamba pa phiri) pomwepo, ndipo gaidi mutenge wolembetsedwa, ali ndi chiphaso, amatengana motsatira mndandanda wawo. Mtengo wake ndi woikika kale, musanenerere. Mumuuze musananyamuke kuti ndalama yake ndi yathunthu kaya mwafika komwe mumafuna kaya mwabwerera panjira, mukatero mwamumasula kuti azikuuzani zoona. Gwirizananinso za chakudya chake pansi pomwepo, kuti adzidalira yekha kapena mudyera limodzi, nkhani imeneyi ikasiyidwa m'malere imadzatulukira usiku pa hati mphika uli pamoto ndipo simakoma. Gaidi wabwino ndi amenenso adzakufotokozereni za malo a mizimu, zomwe akuluakulu a Chimang'anja, Chiyao ndi Chilhomwe amanena za phirili, zija zoti ukapeza chakudya chokonzedwa kale m'phiri uzingodya osaitana mnzako. Mu 2025 a UNESCO analiika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe chomwechi, nde ngati mphunzitsi mudzabwerako ndi zokauza ana m'kalasi.

Chachiwiri ndi pota, wonyamula katundu. Apa abambo ambiri amakana chifukwa cha manyazi, amati ine ndinakulira kumudzi, ndasenzapo matumba a chimanga. Zoona munasenza, koma panopa mwatha zaka mukugwira choko, ndipo kusenza thumba kuchoka kumunda kufika kunyumba si kukwera mamita oposa 1,000 tsiku limodzi. Ndaona azibambo akuyamba mwamphamvu pa Likhubula chikwama chachikulu kumsana, pofika pakati pa chitunda thukuta lili kamukamu, nkhope yakwiya, mayi akawalankhula sakuyankha, zithunzi palibe akujambula, ulendo wokondwerera zaka 10 wasanduka chibalo. Pota mmodzi akukwanirani nonse awiri bola chikwama chisapose makilo 18, inu muzingonyamula kachikwama ka madzi, jekete ndi zotafuna. Anyamata amenewa phirili amalithamanga, mpikisano wa Porters' Race umene umachitika cha mu Julayi unayambira pa iwowa, nde musamumvere chisoni chabodza chomukaniza ntchito, mulipireni bwino ndipo mukatsika mumuwonjezere kena kake pamwamba. Pa ndalama yonse ya ulendowu, imeneyi ndi yomwe imagula chisangalalo chochuluka pa kwacha iliyonse.

Nsapato. Sindikunena zodula za m'shopu ya ku Chichiri ayi, pa kaunjika mu Limbe mumapezeka mabuti okwerera mapiri abwino kwambiri, kungoti musathamangire yotchipitsitsa ndipo mudziwe poyang'ana. Itembenuzeni muone kunsi ngati mano ake akadalipo, yosalala ngati ya ku tchalitchi isiyeni. Ipindeni mwamphamvu muone pomwe soli yagwirana ndi chikopa, mabuti akale ochokera kunja amaoneka atsopano pamwamba koma guluu ndi siponji ya mkati zinauma kalekale, amakhala bwinobwino tsiku loyamba, lachiwiri soli yonse yatsala pamwala inu mukumanga ndi chingwe cha chikwama. Mankhwala ake ndi otchipa, mukagula pitani nayo kwa osoka nsapato pamsika ayizungulize ulusi yonse. Tengani yokulirapo pang'ono kuti chala chachikulu chisamagunde kutsogolo, chifukwa chopweteka pa phiri si kukwera, ndi kutsika, zala zimakankhikira kutsogolo maola atatu anayi ndipo zikhadabo zimada n'kudzachoka patapita sabata. Muyambe kuivala masabata awiri atatu ulendo usanafike, olo popita kusukulu, ana aseke, ndi masokosi okhuthala omwe mudzavale tsikulo. Ndipo ndalama ikavuta kuti mugule mapeyala awiri abwino, yabwinoyo ikhale ya mayi.

Zomwe simukuyenera kugula ndi matiraki suti ofanana oti mukajambulitse, magalasi a dzuwa atsopano, chikwama chatsopano. Chikwama bwerekani. Ndodo yoyendera muipeza pa Likhubula pomwepo.

Kuzizira ndiye musakuchepetse. Mahati a pamwamba monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo ali pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000, ena kupitirira, mu Juni ndi Julayi udzu umadzuka utayera ndi chisanu, Ogasiti naye usiku samasewera. Mahatiwa ndi nyumba zamatabwa, muli malo osonkhapo moto, alonda amakupatsani nkhuni ndi madzi, koma zofunda ndi chakudya n'zanu. Moto uja umatentha nkhope kumsana kukuzizira, ndipo cha m'ma 3 koloko usiku ukazima ndi pomwe mumadziwa ngati munaumira polakwika. Bwerekani masilipingi bagi awiri kudzera kwa gaidi wanu, mulipire, muwayang'ane zipi musananyamuke, muwonjezere bulangete limodzi la kunyumba. Juzi yokhuthala, chipewa cha ulusi, jekete yosalowa madzi, zonsezi za pa kaunjika zili bhobho. Jinzi isiyeni kunyumba, ikanyowa siuma ndipo imakuzizirani pathupi tsiku lonse. Tochi aliyense yake, yapamutu ngati ilipo, ndi pawa banki imodzi yodzaza, magetsi kulibe kumeneko.

Tsopano ndikuuzeni zomwe mwina simukufuna kumva, za Sapitwa. M'kalata yanu mwalemba kuti "ine ndikufuna", simunalembe kuti mayi akufuna. Njira ya ku Sapitwa kuchokera pa hati ya Chisepo si yoyenda chabe, ndi yokwawa, pali matanthwe otsetsereka oti mugwire ndi manja, pali podutsa pansi pa miyala ikuluikulu mutawerama chikwama mukukankha kutsogolo, kupita ndi kubwera ndi ntchito ya maola asanu, asanu ndi limodzi kwa munthu wolimba. Kuti muikwanitse m'masiku anu anayiwo n'kutsalanso ndi usiku wa ku loji, ndiye kuti tsiku loyamba mukwere kuchoka pansi mpaka pa Chisepo osapumira pa hati ina, lachiwiri pansonga, lachitatu kutsika. Zimatheka, anthu amachita, koma amakhala oti onse awiri akuifuna nsongayo ndi mtima wonse ndipo akhala akuyenda mitunda. Kwa anthu oyamba kumene, mmodzi akungotsatira chifukwa cha chikondi, ine ndimakana. Inu mumakhala pa Luchenza pompa, phirili silisamuka, Sapitwa mudzamupitira Loweruka lina ndi aphunzitsi anzanu mutasonkherana ya gaidi. Ulendo uno chinthu chodula chomwe mungadzigulire ndi nthawi, tsiku limodzi lopanda chothamangira.

Ndikanakhala ine ndikanaukonza motere. Tsiku loyamba mudzuke kunyumba kwanu m'mamawa, apa mwapulumutsa kale ndalama ya chipinda yomwe alendo ochokera ku Lilongwe amalipira, pofika 8 koloko muli pa Likhubula. Kwerani ku Chambe kudzera njira ya Chapaluka, ndi yotalikirapo koma yofatsa kusiyana ndi ya Skyline yomwe imangoimirira, ndipo imatsata mtsinje. Maola anayi, olo asanu mukamapuma pafupipafupi, palibe akukuthamangitsani. Tsiku lachiwiri musalongedze, khalani pomwepo, yendani m'chigwa cha Chambe opanda katundu, muone nsonga ya Chambe ili pamphuno panu, mbali yake ya kuzambwe ndi khoma lamwala lomwe akatswiri okwera ndi zingwe amachokera kunja kudzaliyesa. Madzulo dzuwa likamalowa mumaona chigwa cha Phalombe chonse pansi panu. Mukaona kuti mayi miyendo ikuwalola ndipo iwo eni anena okha, gaidi atha kukupititsani chakutsogolo njira ya ku Chisepo mukamuone Sapitwa chapafupi n'kubwerera. Tsiku lachitatu tsikani m'mawa, muime pa Dziwe la Nkhalamba muviike mapazi, madzi ake ndi ozizira kwambiri ndipo dziwelo ndi lakuya, pafupi ndi mathithi musayerekeze ngati kusambira kwanu ndi kwa m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila. Takisi ija ikupezeni masana.

Apa ndiye pafika pa mayi, ndipo akunena zoona, loji ikhalepo. Kungoti usiku umodzi, wotsiriza, osati atatu, ndipo osati woyamba. Chipinda chodula mumalipira maola 24 koma ambiri amafikamo 8 koloko usiku n'kutulukamo m'mawa kuthamangira zina, ndiye kuti alipira ndalama yonseyo kuti atseke maso, zomwe akanachita pa resiti hausi. Inu mufike 2 koloko masana, musambe madzi otentha mutatha masiku awiri mukusamba m'beseni, mukhale pakhonde mukuyang'ana minda, mudye chamadzulo mosathamanga, m'mawa mudzuke mochedwa, mupemphe akuloleni kutuluka masana. Bedi lomwelo mukagonapo usiku woyamba mumangoti eya ndi labwino, mukagonapo mutachoka pa matiresi opyapyala a pa Chambe thupi lonse limathokoza. Usiku wachiwiri ndi wachitatu pa loji yomweyo kukoma kumatsika koma bilu siitsika, ndipo anthu omwe sanazolowere kungokhala pofika tsiku lachiwiri masana amayamba kuimba foni kunyumba kufunsa ngati nkhuku zatsekeredwa.

Malo alipo a misinkhu yosiyana. Ku Thyolo kuli esiteti ya Satemwa yomwe inayamba mu 1923, nyumba yakale ya eni ake, Huntingdon House, anaisandutsa malo ogona alendo, imeneyo ndi ya pamwamba. Kuno ku Mulanje kuli Kara O'Mula m'munsi mwa phiri pa boma, kuli Hapuwani, ndipo pa Likhubula pali Likhubula House ya a CCAP yomwe ndi yofikirika. Mukamaimba foni mufunse zinthu izi osachita manyazi: mtengo wa a Malawi ndi zingati, poti malo ambiri otere ali ndi mtengo wa alendo akunja ndi wa ife eni dziko ndipo sakuuzani mukapanda kufunsa. Mtengowo ndi wa munthu mmodzi kapena wa chipinda, apa ndi pomwe ambiri amagwa, amamva nambala n'kusangalala kenako pa kauntala akuwauza kuti muchulukitse kawiri. Chakudya cham'mawa ndi chamadzulo chili momwemo kapena ayi. Magetsi akazima madzi otentha amakhalapobe? Pemphani akutumizireni kavidiyo ka chipinda chenichenicho pa WhatsApp, ndipo dipoziti musatumize pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala yomwe mwangoiona pa Facebook musanalankhule ndi ofesi yawo. Mkati mwa sabata kumakhala kosavuta kukambirana kusiyana ndi Lachisanu ndi Loweruka, inu muli pa holide nde gwiritsani ntchito mwayi umenewo.

Mukapeza kuti usiku umodzi ku malo apamwambawo ukumeza theka la ndalama yonse, musakakamire. Kagoneni pa malo apakatikati aukhondo, ndiye tsiku lachinayi mupite ku esiteti masana, mukadye nkhomaliro pa kapinga, mukalawe tiyi. Kulawa tiyiku ine ndimakuikira kumbuyo kwambiri, makamaka kwa ife a kuno. Tiyi wakhala akulimidwa ku Mulanje kuyambira zaka za m'ma 1890, tonse tili ndi m'bale amene anathyolapo masamba kapena kugwira mu fakitale, koma wabwino kwambiri amapita kunja, ife timamwa wa fumbi wa m'timapaketi tothira shuga masupuni atatu. Akakuikirani timakapu pamzere, wobiriwira, wakuda, woyera, wina wonunkhira ngati maluwa opanda kuthiramo kanthu, n'kukuuzani kuti onsewa achokera pa chitsamba chomwe mumachidutsa pa minibasi, mumatuluka mukuyang'ana minda ija mwina. Mayi muwachenjeze chinthu chimodzi, mu Ogasiti tiyi sakhala wobiriwira ngati wa pa makalendala, minda ina imakhala yoduliridwa, kubiriwira kwenikweni ndi nthawi ya mvula, Disembala mpaka Epulo. Zithunzi zidzatulukabe koma asadzati munawanamiza.

Pa loji chomwe chimatupitsa bilu mwakachetechete ndi zakumwa, botolo lomwe mumagula pa golosale limakhala kawiri katatu mtengo wake. Gwirizanani musanalowe kuti timwa zingati.

Chakudya cha m'phiri musawonongepo ndalama koma musachepetse muyeso, njala ya kumeneko ndi ina. Ufa, mpunga, usipa, soya pisi, mazira owiritsa, tomato ndi anyezi, mafuta pang'ono, buledi ndi chiponde, mtedza wokazinga, nthochi, masamba a tiyi ndi shuga wokwanira kugawirako alonda. Zonsezi za pamsika wa Luchenza kapena pa Chitakale. Zam'zitini ndi mabisiketi odula n'zongolemetsa pota. Madzi a m'mabotolo musasenze belo lonse, tengani mabotolo awiri aliyense muzitunga m'mitsinje ya pamwamba pomwe gaidi wakulozerani, a kumunsi kufupi ndi midzi okhawo ndi oti muwiritse kapena kuthira mankhwala. Pansi pano idyani za pamsika, nsima ya nkhuku ya lokolo, chinanazi cha ku Mulanje chosendedwa pompo, mukapeza amayi ogulitsa kalongonda wophika bwino musamudutse. Chakudya chodula chikhale chimodzi, chamadzulo a tsiku lachitatu, ndipo pamenepo mayi akaloza chinthu pa menyu musayang'ane kumanja komwe kuli mitengo.

Pa Likhubula adzakutsatirani anyamata ogulitsa timabokosi ta mkungudza, tonunkhira bwino, mayi adzatikonda. Musagule. Mkungudza wa Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu, mwachilengedwe umamera pa phiri lino lokha, ndipo wadulidwa mpaka kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yotsala. A Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala mbande zambiri koma mtengowu umatenga zaka makumi kuti ukule, ndipo bokosi lililonse logulidwa limatuma munthu wina kukwera ndi sowo. Mphatso za kunyumba gulani paketi ya tiyi wabwino ku esiteti, uchi, zinanazi ziwiri zitatu za ana, basi. Ndipo musalengeze ulendowu kwa abale onse, mukatero mndandanda wa oti muwagulire kanthu udzaposa ndalama ya gaidi.

Kagawidwe kake musayambe ndi loji. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya malo ogona imasinthasintha, ena amawerengera ku dola, nde imbani mafoni sabata ino mulembe manambala a mwezi uno papepala. Poyamba chotsani ya gaidi, pota, yolowera ndi ya mahati ya masiku atatu, pamodzi ndi kowonjezera kawo. Kenako nsapato, zofunda ndi chakudya. Kenako takisi ya tsiku lotsika ndi maminibasi. Kenako patulani K80,000 muyiike mu envelopu ina yomwe simuikhudza, imeneyo ndi ya bondo likatupa, kapena chiperoni chikakutsekerani pa hati tsiku lina lowonjezera n'kufunika kulipira anthu anu tsiku limenelo. Yotsala pamenepo ndi yomwe ikuuzeni loji yake, muwapatse mayi nambalayo ndi mafoni a malo atatu asankhe okha. Ndalama ya m'phiri ikhale ya m'manja, ya mapepala ang'onoang'ono, muikulunge mu pulasitiki, pamwamba palibe ejenti ndipo mlonda wa pa hati sakhala ndi chenji.

Nsapato zija mukayese madzulo phazi litatupa ndi kuyenda kwa tsiku lonse, osati m'mawa, ndipo mayi apite okha akayese, musawagulire pongoyerekeza saizi.